Liwu Lakuti "Erudition": Kodi Kuphunzira Kwambiri Kumamukonola Munthu?



M'Chingerezi muli mawu ena amene sitiwamva pamsika kapena kuchigayo, koma amatulukira pa zochitika zikuluzikulu zokha. Limodzi mwa mawu oterewa ndi liwu lakuti erudition, lomwe potchula limamveka ngati "eryudishoni". Mungalimve pamene woyendetsa mwambo akulandira mlendo wolemekezeka, pamene akuwerenga mbiri ya mphunzitsi wa kuyunivesite amene watisiya, kapena m'nyuzipepala poyamikira chigamulo chimene woweruza milandu walemba mozama. Ambirife tikalimva timangoomba m'manja, poganiza kuti imeneyo ndi nkhani ya anthu a madigiri, ife siitikhudza.

Komatu imatikhudza. Ndife amene timagulitsa mtedza, nkhuku ndi mbuzi kuti mwana apite kusekondale. Ndife amene timadzuka kusanache kumuphikira phala kuti asapite kusukulu ndi njala. Ndipo ndife amene nthawi zina timamulandira mwana yemweyo atabwerako ndi Chingerezi chambiri, koma osathanso kukhala pamphasa n'kucheza ndi agogo ake. Choncho funso lakuti kuphunzira kwambiri n'chiyani, ndipo kumayenera kumusandutsa munthu wotani, ndi funso lathu. Liwu limodzi la Chingerezili lingatithandize kuliganizira bwino funsoli.

Tanthauzo lake ndi kagwiritsidwe kake

Erudition ndi chidziwitso chozama komanso chotambalala chimene munthu amachipeza powerenga mabuku ambiri kwa zaka zambiri. Munthu amene ali nacho amati ndi erudite. Kuti timvetse bwino, tilisiyanitse liwuli ndi anzake amene ana athu amawatchula kawirikawiri. Education ndiwo maphunziro a kusukulu, ndipo aliyense amene adalowapo m'kalasi ali nawo pamlingo wake. Knowledge ndiko kudziwa chinthu chilichonse, ngakhale njira ya kuchitsime. Intelligence ndiko kuthwa kwa mutu, kumene mwana wa zaka zisanu angakhale nako asanagwire ndi pensulo yomwe. Wisdom ndizo nzeru zodziwa choyenera kuchita kapena kunena pa nthawi yake. Erudition siili iliyonse mwa izi. Munthu sabadwa nayo, ndipo saipeza m'chaka chimodzi.

Pachifukwa ichi, eni chilankhulochi sanena kuti mwana amene wakhoza bwino mayeso a Fomu 4 ndi erudite, chifukwa ulendo wake wangoyamba kumene. Salinenanso liwuli pa mlimi waluso kapena mzamba wodziwa ntchito yake, osati powanyoza ayi, koma chifukwa luso lawo silidachokere m'mabuku. Buku, nkhani kapena ulaliki wosonyeza kuti mwiniwake adawerenga kwambiri amautchulanso ndi liwu lomweli. Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti munthu sadzitcha yekha erudite. Ndi ena amene amamutcha, monga momwe mayi sadzitamira yekha kuti amaphika bwino, koma amasiya odyawo anene.

M'Chichewa tilibe liwu limodzi lofanana nalo ndendende. Timati "adapita patali ndi sukulu", kapena "ndi wozama m'maphunziro". Koma tidzaona kuti kupita patali ndi sukulu si ndiye kuti munthu wafika pa erudition.

Kumene liwuli lidachokera

Liwuli Angerezi adalitenga ku Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, ndipo lidalowa m'Chingerezi cha m'ma 1400. Lili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba, e, chimatanthauza kutulutsa kapena kuchotsa. Chachiwiri chimachokera ku rudis, kutanthauza chinthu chokhakhala, chosakonzedwa, monga mtengo wosasema kapena mwala wosasalaza. Aroma akamati erudire ankatanthauza kumuphunzitsa munthu, kapena kuti kumuchotsa kukhakhala.

Ife amayi ntchito imeneyi timaidziwa bwino. Chimanga chikachoka m'nkhokwe chimakhala ndi khungu lake lolimba. Timachithira mumtondo, kuwazako madzi pang'ono, n'kuyamba kukonola. Kenaka timapeta ndi lichero, gaga n'kuchoka, mphale n'kutsala. Pano sitikunyoza mgaiwa, womwe a zaumoyo amatilimbikitsa kudya, tikungobwereka chithunzicho. Kwa amene adapanga liwuli, kuphunzira kudali ngati kukonoledwa. Ndipo taonani chimodzi: mphale imene imatsala m'lichero imakhala yochepa kuposa chimanga chimene tidathira mumtondo. Munthu wokonoledwa ndi maphunziro nayenso amachepa m'maso mwake, chifukwa buku lililonse limene wawerenga limamuonetsa ena khumi amene sadawerenge.

Pali zinthu zina ziwiri zochititsa chidwi. Choyamba, liwu lakuti rude, limene Angerezi amanena pa munthu wamwano, lidachokera ku muzu womwewo wa rudis. Ndiye kuti tikatsata chiyambi chake, munthu wa erudition ndi amene mwano wachotsedwa mwa iye. Chachiwiri, litangolowa m'Chingerezi liwuli linkatanthauza ntchito yophunzitsa ndi kulangiza wina. Ndi pambuyo pake pamene lidayamba kutanthauza chidziwitso chimene munthu wadzikundikira. Poyamba lidali dzina la ntchito yochitira mnzako, kenaka lidasanduka dzina la katundu wa munthu mmodzi.

Koma kodi chiyambi cha liwu ndiye tanthauzo lake?

Wina angatsutse kuti mawu amasintha, ndipo chimene ankatanthauza zaka 600 zapitazo sichitimanga ife lero. Zimenezi n'zoona. Mngerezi wa lero akati munthu ndi erudite sakunena kanthu za khalidwe lake. Akungonena kuti adawerenga kwambiri. Munthuyo angathe kukhala wodzikuza, wankhanza kwa mkazi wake, wosapereka moni, koma dzinalo n'kumuyenerabe. Tisadzinamize kuti mabuku okha amakonza mtima wa munthu.

Angerezi eni ake vutoli adaliona kalekale. Ali ndi liwu lina, pedant, lonena munthu amene amaonetsera kuphunzira kwake, wokonda kukonza anzake pa tinthu tating'onoting'ono topanda phindu. Mayi wina wa ku England, Mary Ann Evans, amene ankalemba pa dzina lakuti George Eliot, adamujambula bwino munthu wotere m'buku lake la nkhani yopeka lotchedwa Middlemarch, lomwe lidatuluka m'zaka za 1871 ndi 1872. M'bukuli muli wansembe wina wachikulire, Edward Casaubon, amene wathera moyo wake kusonkhanitsa zolemba kuti adzatulutse buku lalikulu lofotokoza gwero la nthano za zipembedzo zonse za dziko lapansi. Mtsikana wanzeru, Dorothea, akukwatiwa naye poganiza kuti adzaphunzira kwa iye ndi kumuthandiza ntchitoyo. Koma Casaubon akuopa kufunsidwa mafunso, akuopa kuti ena angaone pamene pali poperewera, ndipo sadziwa Chijeremani, chilankhulo chimene akatswiri ena adali atalemba kale zoposa zake. Pomaliza akumwalira bukulo lisanathe, mkazi wake atasanduka wosungulumwa m'nyumba yodzaza mabuku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choncho chiyambi cha liwuli sichitiuza kuti wophunzira aliyense ndi wofatsa. Chimene chimatipatsa ndi muyeso. Chimatikumbutsa cholinga chimene kuphunzira kudali nacho, kuti tithe kufunsa ngati chafikidwa. Casaubon adalowa mumtondo, koma adatuluka ndi gaga wake yense.

Mwana wa telala amene adasiya sukulu

Tsopano tione munthu weniweni amene dzinali lidamuyenera. James Murray adabadwa m'chaka cha 1837 m'mudzi wa Denholm ku Scotland. Bambo ake adali telala, ndipo iye adasiya sukulu ali ndi zaka 14 chifukwa ndalama zopitirizira padalibe. Koma sadasiye kuwerenga. Adadziphunzitsa yekha zilankhulo zambiri, adakhala mphunzitsi, ndipo kwa kanthawi adagwirapo ntchito ya ukalaliki m'banki ku London. M'chaka cha 1879 adapatsidwa udindo wotsogolera ntchito yolemba mtanthauziramawu wamkulu wa Chingerezi, amene lero amadziwika ndi dzina lakuti Oxford English Dictionary.

Chofunika kuona ndi momwe adaigwirira ntchitoyo. Murray adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Adalengeza pempho kwa anthu wamba kulikonse kumene Chingerezi chimawerengedwa, kuti akamawerenga mabuku azikopera ziganizo pa timapepala n'kumutumizira, kuti aone momwe liwu lililonse lakhala likugwiritsidwira ntchito. Timapepalato tidabwera miyandamiyanda, kuchokera kwa aphunzitsi, abusa, amayi apanyumba ndi ena ambiri. Adamanga kanyumba ka malata pabwalo la nyumba yake kosungiramo, ndipo ana ake, omwe adalipo 11, ankathandiza kutisanja motsatira zilembo. Ntchito imene ankayembekeza kuti itenga zaka khumi idatenga pafupifupi zaka 50. Gawo loyamba lidatuluka mu 1884. Murray adamwalira mu 1915 ali pa chilembo cha T, ndipo bukulo lidamalizidwa ndi anzake mu 1928.

Casaubon ankaopa kufunsa, Murray adathera moyo wake akufunsa. Safunsa adadya phula. Woyambayo ankabisa zolemba zake, winayu adatsegula khomo kuti aliyense abweretse chimene wapeza. Ndipo mnyamata amene adatuluka m'kalasi ali ndi zaka 14 akutionetsa kuti erudition si satifiketi yopachika pakhoma. Satifiketi imanena kuti munthu adamaliza maphunziro ena ake. Erudition imapezeka mwa munthu amene sadaleke kuphunzira.

Nanga amayi?

Kwa zaka mazana ambiri ku England ankaganiza kuti kuphunzira kozama ndi kwa amuna okha. Yunivesite ya Oxford idayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1920, ndipo ya Cambridge idachedwa mpaka 1948. Komabe akazi ozama m'mabuku adalipo kale lomwe.

Mmodzi mwa iwo ndi Elizabeth Carter, amene adabadwa mu 1717 m'tauni ya Deal, mwana wa wansembe wa mpingo wa ku England. Mayi ake adamwalira iye ali wamng'ono. Bambo ake adaganiza zophunzitsa ana awo onse mofanana, aamuna ndi aakazi, Chilatini, Chigiriki ndi Chihebri. Poyamba Elizabeth sankagwira zinthu msanga, koma adalimbikira. Ankawerenga mpaka usiku, atakulunga kansalu konyowa kumutu kuti tulo tisamugwire. M'chaka cha 1758 adatulutsa m'Chingerezi zolemba zonse zotsala za Epictetus, mphunzitsi wa nzeru wa Chigiriki amene adakhalapo kapolo ku Roma. Kumasulira kwakeko kudagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri iye atamwalira kale mu 1806.

Elizabeth sadathawe ntchito za pakhomo. Adasamalira nyumba ya bambo ake, ndipo adaphunzitsa yekha mlongo wake wamng'ono mpaka adalowa ku Cambridge, kumene iye mwini sakadaloledwa. Samuel Johnson, yemwe adalemba mtanthauziramawu wotchuka wa mu 1755, adamuyamikira kuti ankadziwa kuphika ndi kusoka monga momwe ankadziwira kumasulira Chigiriki. Mawuwa ndi okoma, komabe tiwaganizire pang'ono. Palibe amene adafunsapo ngati Johnson ankadziwa kuphika asanamutche wophunzira. Mkazi yekha ndiye ankayenera kuonetsa kaye kuti m'khitchini ali bwino kuti mabuku ake akhululukidwe. Ndipo gulu la amayi okonda kukambirana za mabuku limene Elizabeth adalimo lidapatsidwa dzina lakuti Bluestockings, lomwe pambuyo pake lidasanduka mawu onyozera mkazi aliyense wophunzira.

Amayi anzanga, kodi zoterezi n'zachilendo kwa ife? Sitidamvepo kodi anthu akunena kuti mtsikana akaphunzira kwambiri sadzapeza banja? Nthawi zina amene amanena zimenezi ndife amene.

Maenje awiri oyenera kuwapewa

Pa nkhani ya anthu ophunzira pali maenje awiri, ndipo pothawa limodzi n'kosavuta kugwera m'linzake.

Dzenje loyamba ndilo kuopa munthu wophunzira ngati kuti salakwa. Pamsonkhano wa komiti ya sukulu kapena ya chitukuko, wina akaimirira n'kuyamba kusakaniza Chingerezi, ambirife timatseka pakamwa, ngakhale tikuona kuti chiwerengero cha ndalama sichikugwirizana. Timati, "Ife osaphunzirafe tinganene chiyani?" Komatu mawu ataliatali si umboni wa erudition. Amene chinthu adachimvetsadi amatha kuchifotokoza m'Chichewa chomveka kwa agogo. Akakufunsani kuti, "Mwamva?" inu musachite manyazi kuyankha kuti, "Ayi, bwerezani mofatsa." Wophunzira weniweni adzakondwa ndi funsolo. Amene angakwiye nalo wadziulula yekha kuti akubisala kumbuyo kwa mawu.

Dzenje lachiwiri ndilo kunyoza kuphunzira. Tikakhumudwa ndi wophunzira mmodzi wamwano timafulumira kunena kuti sukulu imaononga ana, kapena kuti nzeru za makolo n'zokwanira. Izi si zoona. Mankhwala amene timalandira kuchipatala, mbewu zopirira chilala, malamulo oteteza mkazi wamasiye kuti asalandidwe katundu, ngakhale mabuku amene timawerenga m'chilankhulo chathu, zonsezi zilipo chifukwa anthu ena adakhala pansi zaka zambiri akuwerenga pamene anzawo ali m'tulo. Wina adayenera kuphunzira Chihebri ndi Chigiriki kuti Baibulo lifike m'Chichewa. Ngati nsima yatuluka ndi mibulu, sitigwetsa nkhokwe. Timaona pamene kaphikidwe kadalakwika.

Nanga agogo amene sadapite kusukulu, koma amadziwa mbiri ya banja lonse, mayina a zitsamba ndi nthawi yoyenera kubzala? Kodi tiwatche erudite? Malinga ndi kagwiritsidwe ka liwuli, ayi, ndipo palibe chifukwa chowakakamizira dzina lachilendo ngati kuti popanda ilo alibe ulemu. Ali ndi dzina lawo kale: ndi anzeru. Chimene tiyenera kukana ndi maganizo akuti chidziwitso cha m'mabuku chokha ndicho choyenera kumvedwa. Mdzukulu wa digiri amene amaseka agogo ake akadali ndi gaga. Wozama weniweni amatenga kope ndi cholembera n'kukhala nawo pansi, monga momwe Murray ankalandirira kapepala ka munthu wamba aliyense, chifukwa akudziwa kuti agogowo akapita, zimene akudziwazo sazipezanso m'laibulale iliyonse.

Tizimuyesa bwanji munthu wophunzira?

Kuchokera m'zonsezi tingatole miyeso itatu. Woyamba: kodi munthuyu akuphunzirabe, kapena adatseka mabuku tsiku limene adavala mkanjo wa digiri? Wachiwiri: kodi amatha kunena kuti "apa sindikudziwa" popanda kuona ngati wachepetsedwa? Wachitatu: kodi chimene akudziwacho chikufika kwa ena? Apa tibwerere ku tanthauzo loyamba lija, pamene liwuli linkanena ntchito yophunzitsa wina. Ufa wosungidwa m'thumba osaphikidwa umangochita anankafumbwe.

Miyeso imeneyi si ya ana athu okha. M'magulu mwathu muli amayi amene adafika kuyunivesite ndi ena amene sadamalize Sitandade 3. Amene mudapita patali, chenjerani ndi kalankhulidwe kamene kamachititsa mnzanu kudziona wopanda pake. Pomuthandiza kuwerenga kalata ya kuchipatala kapena kudzaza fomu ya kubanki, muonetseni momwe zimachitikira kuti mawa adzayese yekha. Amene sukulu idakulephereni chifukwa cha umphawi kapena ukwati wofulumira, musanene kuti nthawi idatha. Murray sadadikire kuti wina amubwezere kusukulu. Yambani ndi chimene chili pafupi: nyuzipepala, buku la mwana wanu, sukulu ya kwacha ngati ilipo m'dera lanu.

Ndipo kwa ana athu, makamaka aakazi, tisawapatse chisankho chabodza chakuti asankhe pakati pa mabuku ndi ulemu. Tiziwauza kuti apite patali monga momwe mutu wawo ungathere, ndipo akabwera kunyumba atiphunzitseko chimodzi mwa zimene aphunzira, m'chilankhulo chathu. Mwana amene wazolowera kufotokozera mayi ake zimene wawerenga sachita nawo manyazi.

Mukadzalimvanso liwu lakuti erudition pamwambo wina, ombani m'manja ndithu, chifukwa kuwerenga kwa zaka zambiri ndi thukuta loyenera ulemu. Koma mwambo ukatha, onani momwe mlendo wolemekezekayo akuperekera moni kwa mayi amene wamuthirira madzi osamba m'manja.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi m'dera lathu ndi mawu otani amene amanenedwa kwa mtsikana wokonda sukulu? Ndi ati amene amamulimbikitsa, ndipo ndi ati amene amamubweza m'mbuyo?

2. Pamisonkhano yathu, kodi amayi amene sadapite patali ndi sukulu amamasuka kufunsa pamene sadamvetse? Tingasinthe chiyani kuti amasuke?

3. Ndi chidziwitso chiti cha amayi achikulire a m'gulu lathu chimene chiyenera kulembedwa chisanatayike, ndipo ndani mwa ife angayambe kuchilemba mwezi uno?